Chongo Si Mphamvu, Anzanga

Imwe okonda mamotoka, tiyeni tikambe chilungamo. Mukaona pa foni Dodge Charger ya 1968 olo Pontiac GTO ili kubangula, muganiza ati mphamvu ili mu chongo. Ine nikana. Nkhani ili pa mwamene injini ipumira.

Mamotoka aja a ku America anali na injini ya V8, masilinda anai uku, anai uku. Pochoka ku fakitale, ambiri anabwera na manifodi ya chitsulo cholema. Utsi wa masilinda anai ukumana mu njira imodzi, ulimbana monga anthu pa chitseko cha minibasi. Ma header yasiyana. Silinda iliyonse ili na paipi yake, ndipo mapaipi yakumana patali. Utsi wa silinda imodzi ukathamanga, udonsa wa inzake. Injini ipuma bwino, mphamvu ikwerako.

Koma mverani apa. Phindu yake imveka maningi injini ikazungulira mothamanga, monga pa mpikisano. Pa kayendedwe ka masiku onse, kusiyana ni kung'ono. Kabureta nayo ifunika kuichuna futi. Mapaipi ya header ni yopyapyala, yamwaza moto pansi pa boneti: yaocha mawaya ya mapulagi, yatenthetsa sitata mpaka motoka ikana kulira. Mabauti yamasuka, magasiketi yayamba kutaya utsi. Yatali yalendewera pansi, hampu imodzi chabe yapindika. Manifodi ya fakitale, olo siioneka bwino, ikhala zaka zambiri ili zii. Ndipo ogula mamotoka akale alipira ndalama zambiri pa motoka yamene ikali na zitsulo zake zoyamba.

Manje muzakamba ati mu komboni mulibe Charger. Zoona. Koma Altezza na Subaru zili mbwee, ndipo nimaona anyamata apereka ndalama ya lendi kwa owotcherera kuti ajube sailensa. Uko sikuika header iyai, ni kuutsa chabe ana a maneba usiku.

Mukalibe kuchotsa ndalama, dzifunseni: motoka yanga niithamangitsira kuti? Ngati ni yopita nayo ku nchito, mu jamu ya Great East Road, siyani manifodi mwamene ilili, mugule oilo, mapulagi na matayala yabwino. Ngati ni ya mpikisano, gulani header yeniyeni, mupeze makanika odziwa kuchuna injini. Osati kulira monga V8 uku Corolla ikupitirirani pa maroboti.