Kuchoka Pakhomo Pathu Kukafika kwa Mfumukazi

Kwathu kuno anthu awiri osadziwana akakhala mpando umodzi m'basi, sipapita nthawi wina amafunsa kuti, "Kumudzi n'kuti, bambo?" Likatchulidwa boma pamabwera dzina la mfumu, kenako mfunda, kenako sukulu, ndipo basi isanafike pa Balaka amakhala atapeza kale munthu amene onse awiri akumudziwa. Mwambo umenewu ndinaupeza ndipo ulipobe. Chimene chasintha ine ndikuona ndi mphukira yake ina: kuwerenga kuti pakati pa iwe ndi munthu wotchuka pali anthu angati.

Tili ana, m'zaka za m'ma 1980, kuwerengaku anali masewera a madzulo tikukazinga chimanga. Woweruza anali bambo, ndipo lamulo lawo linali limodzi: munthu umamuwerengera pokhapokha ngati iyenso akukudziwa dzina. Amayi anavinapo m'gulu la mbumba pa Kamuzu Stadium, Ngwazi ikudutsa pafupi litchowa lili m'manja, koma bambo ankakana kuti kumeneko n'kudziwana. "Akanakumana nanu mawa lake pamsika, akanakuitanani dzina?" Amayi ankangoseka. Njira yovomerezeka inali ina. Amalume anali mesenjala kwa DC, DC ankadziwana ndi nduna, nduna inkakhala pamsonkhano ndi Kamuzu, ndipo Kamuzu ndiye analandira Mfumukazi Elizabeth II itabwera kuno mu 1979. Anthu anayi okha! Ndipo ukafika pa Kamuzu njira zinkachuluka, pakuti munthuyu anakhala kunja zaka zoposa 40, ku South Africa, America, Britain ndi Ghana, ndipo ankadziwana ndi Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta kuyambira ali dokotala ku London. Ndinkapita kokagona mtima uli m'mwamba, ndikudziwa kuti mudzi wathu wopanda magetsi uja sunali kumathero a dziko.

Koma panali mizere ina imene sinkawerengedwa mokweza. Ndinadzamva referendamu ya pa 14 June 1993 itadutsa kuti mnzawo wapamtima wa bambo, mphunzitsi amene ankabwera kwathu pa njinga Loweruka lililonse, anaphunzira pa Blantyre Secondary School nthawi imodzi ndi Henry Masauko Chipembere, ndipo ankadziwana bwino. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, Chipembere n'kunyamuka ndi anyamata ake kulunjika ku Zomba mu February 1965 koma n'kukakanika kuwoloka Shire pa Liwonde, dzina lake linakhala losatchulika. Kudziwana ndi munthu wotchedwa chigawenga kunali kokwanira kuti uchotsedwe ntchito, kapena ukatsekeredwe ku Dzaleka kapena ku Mikuyu popanda kuonekera kukhoti. Chipembere anamwalira ku Los Angeles mu 1975, komabe mphunzitsi uja anasunga pakamwa zaka zina 18. Anthu ankang'amba zithunzi za kusukulu. Ena ankakana abale awo enieni. Ndipo Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ataphedwa ku Mwanza mu May 1983, aliyense anaona kuti ngakhale kukhala pafupi penipeni ndi mpando sikunkateteza munthu. Ndikawakumbukira bambo tsopano, ndimazindikira kuti masewera aja ankawayendetsa mochenjera. Ankadziwa njira zoti ana adutsemo ndi zoti asaziyandikire n'komwe, ndipo mtolo wa manthawo anausenza okha kuti ife tizingoseka.

Matipati atabwera pakamwa panamasuka, ndipo kudziwana kunasanduka chinthu chonyadira poyera. Sikuti kale kukondera kunalibe, koma tsopano mawu akuti "ndili ndi munthu wanga kumeneko" anayamba kumveka masana, akutsegula zitseko za ntchito, za malo a sukulu, za makontirakiti. Izi zimandiwawa mpaka lero. Mzere womwe unkakulowetsa m'ndende unayamba kukulowetsa mu ofesi, ndipo mwana wanzeru wopanda womudziwa anatsala panja.

Nditayamba ntchito mumzinda ndinawerenga za Stanley Milgram, katswiri wa ku America amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anayesa nkhaniyi ndi makalata. Anthu 296 a ku Nebraska ndi ku Boston anapatsidwa makalata oti akafike kwa munthu mmodzi wogwira ntchito ku Boston, koma aliyense ankayenera kupatsira munthu amene amaitanana naye dzina. Linali lamulo lomwe lija la bambo. Makalata 64 anafika, atadutsa pa avereji m'manja mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo chiwerengerocho ndi chimene chinatchuka. Ine mtima wanga umakhala pa makalata 232 amene anafera panjira. Penapake munthu analandira, n'kuika pambali, n'kuiwala. Dziko n'laling'ono ndithu, koma uthenga umayenda pokhapokha wina atalola kudzivutitsa chifukwa cha mnzake.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu imandisangalatsa chifukwa inagwera pakati pa nthawi ya makalata ndi nthawi ya intaneti. Makina ake opukusa magetsi ndi mphepo anawaona mkulu wina wa zamaphunziro, amene anabwera ndi atolankhani. Nkhani itatuluka m'nyuzipepala mu 2006 inakwera pa intaneti, wokonza msonkhano wa TED anaiona, ndipo mu 2007 mnyamatayo anali kulankhula ku Arusha. Theka loyamba la ulendowo linayenda ndi mapazi a anthu, theka lachiwiri ndi kompyuta.

Lero theka loyamba lija likuoneka ngati losafunikanso. Mu 2016 Facebook inalengeza kuti pakati pa anthu ake 1.59 biliyoni, pa avereji anthu awiri ankalekanitsidwa ndi anthu osakwana anayi. Mwana wanga wamkazi amatha kulembera Temwa Chawinga ali ku Kansas City popanda kudutsa kwa mesenjala kapena DC. Giddes Chalamanda anamveka kumayiko akutali kudzera pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90. Sindinyoza zimenezi ayi. Ine amene ndinakula pamene dzina la munthu linkatha kumangitsa banja, ndimakondwa kuona mwana akutchula aliyense amene wafuna popanda kuyang'ana kukhomo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ndikamufunsa kuti pakati pa iye ndi wotchuka wakutiwakuti pali yani, amadabwa ndi funsolo. Kwa iye palibe munthu pakati, pali foni. Pamene ife powerenga paja tinkaphunzira kuti amalume ankagwira ntchito yanji, azakhali anakwatiwa kuti, agogo anapita liti ku Joni pa Wenela ndipo anabwerako ndi yani. Wotchuka uja chinali chifukwa chabe. Tinkaloweza anthu athu.

Ndipo foni imafupikitsa njira yopita kwa amoyo okha. Yopita kwa Chipembere, kwa Dunduzu Chisiza, kwa Orton Chirwa amene anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, imadutsabe mwa okalamba amene anadya nawo, kukangana nawo, n'kukhala chete zaka zambiri. Mphunzitsi wa njinga uja anatisiya kalekale, ndipo anzake a msinkhu umenewo akutha mmodzimmodzi.

Azakhali a bambo anga akadalipo, maso anafooka koma mutu uli bwinobwino. Ali mtsikana ankapita kumisonkhano ya amayi a Congress chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Rose Chibambo ankawadziwa dzina. Mwana wanga amalipira minibasi ndi ma K200 okhala ndi nkhope ya mayiyu, osadziwa kuti pakati pa iye ndi nkhopeyo pali munthu mmodzi yekha, amene amamutcha agogo. Sukulu ikatsekera ndikupita naye kumudzi, ndipo ndamuuza kuti foniyo atenge, akajambule mawu.