Njovu inavala wailesi pakhosi, koma phiri linatinamiza

Azakhali anga amagulitsa chinangwa ndi nthochi mumsika wa pa boma ku Nkhotakota. Munda wawo uli kumudzi, kufupi ndi malire a nkhalango yosungirako nyama. Usiku wina njovu zinalowamo, chinangwa chomwe anachidikira chaka chathunthu n'kutha tambala asanalire.

Nditapita kukawapepesa anandilandira ndi funso. "Iwe mwana wa achimwene, si paja umalemba m'nyuzi? Ati njovuzi anaziveka mawailesi pakhosi. Nanga osatichenjeza bwanji kuti zikubwera?"

Kunena zoona, inenso ndimaganiza chimodzimodzi. Ndiye ndinapempha chilolezo chotsagana ndi alonda awiri amene amalondola njovu.

Nkhalangoyi si munda wa munthu ayi. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo mbali yaikulu ndi zitunda ndi zigwembe, kuyambira kumtsinje wa Bua mpaka kuphiri la Chipata. Opha nyama mozemba anali atatsala pang'ono kumaliza njovu, moti zinatsala zosakwana 100. M'zaka za 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linabweretsamo zina pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Koma si zonse zinavala lamba. Amasankha zochepa, makamaka yaikazi yotsogolera gulu, poti kumene ili iyo anzake amakhalanso komweko.

Mkulu wa alondawo ananyamula kabokosi kokhala ngati wailesi ndi eriyo yofanana ndi ija ya TV pamwamba pa nyumba. Lamba wa njovu amatulutsa kamawu koti tii... tii... tii. Ukaloza eriyo kumene kuli njovu, kamawuko kamakwera. Ukapotoza, kamatsika. Uyese uli pano, upite kwina uyesenso, ulembe mizere iwiri pamapu. Pomwe mizereyo yakumana ndi pomwe pali nyama. Ine mumtima: basi, ntchito yake ndi yomweyi? Ndiye malipiro akungodya!

Pachitunda choyamba kamawu kanamveka bwino lomwe, chakumadzulo. Titangotsikira m'chigwembe, zii. Kabokosi kangoti sooo ngati wailesi yotha mabatire.

"Yafa, bambo?" ndinafunsa.

"Siinafe, achimwene. Kodi foni yanu ikasowa netiweki kumudzi simukwera pachulu?"

Apo ndinamva. Mafunde amenewa ndi a mtundu wa VHF, abale ake a FM. Amakonda kuyenda molunjika, ndipo mwala sauboola. Njovu ikatsikira kuseri kwa chitunda, ngakhale ikhale pafupi ngati kuchoka pamsika kufika padepoti, simuimva.

Koma kusamva n'kwabwinoko, chifukwa umadziwa kuti sukudziwa. Choipitsitsa ndi bodza la phiri. Titakwera chitunda chachiwiri, thukuta lili kamukamu, kamawu kanabwera mwamphamvu kuchokera kumpoto. Tinakalondola maola awiri, mwezi wa Okutobala, udzu ukucheka miyendo, madzi m'botolo atafunda ngati tiyi. Tinakathera pathanthwe lalikulu. Njovu kunalibe, ngakhale ndowe zake. Mafunde aja amamenya thanthwelo n'kubwerera, monga momwe mawu amakuyankhira ukafuula m'phiri. Ife timatsatira chithunzithunzi, mwini wake ali mbali ina. Mizere yathu pamapu inakumana bwinobwino, koma pamalo opanda kanthu.

Apa mantha anandigwira. Ngati makina akuti nyama ili kutsogolo pomwe ili kumbuyo, ndiye kuti tikhoza kuiponda mchira osadziwa. Ndinaona kuti mkuluyo wapachika eriyo paphewa, maso ali pansi, akuwerenga mapazi ndi nthambi zothyoka, uku akuwaza dothi kuti aone komwe mphepo ikulowera. Ndi zimenezi zomwe zinatifikitsa pagululo dzuwa litapendeka, zili phee m'kachigwa komwe tinadutsa pamwamba pake m'mawa.

Mudzati nanga GPS? Ee, malamba a masiku ano amalankhula ndi masetilaiti, malo a njovu n'kuoneka pakompyuta. Koma lambayo amafuna kuona thambo. M'chigwembe chakuya cha mitengo yothithikana amaphonya kapena kulakwitsa malo. Komanso satumiza uthenga mphindi iliyonse, poopa kutha batire. Pakati pa uthenga wina ndi unzake njovu imakhala itayenda mtunda wautali. Nanga mphongo yoyenda yokha, yopanda lamba, aiona ndani?

Zonsezi ndinakawafotokozera azakhali mumsika, miyendo idakali yotupa. Anamvetsera uku akuunjika milu ya chinangwa chooda kwa anthu ena, chifukwa chawo chija palibe. Nditamaliza anandiyang'ana.

"Ndamva, mwana wanga. Ndiye chinangwa changa andibwezere ndani, thanthwe lakolo?"

Ndinagula mulu umodzi, ndalama ya chenji osaifunsa.