Yaitali kapena yaifupi?

Pa Migowi, mnyamata woika mafilimu mu fulashi wandifunsa kuti, "Achimwene, The Return of the King mukufuna iti, yaitali kapena ya ku sinema?" Ya ku sinema, ya 2003 ija, ndi mphindi 201. Yaitaliyo imapitirira maola anayi. Poganizira batire la sola lomwe limafooka ikangokwana 9 koloko, mtima unati tenga yaifupi. Koma m'menemo wamatsenga Saruman amangosowa ngati mbuzi yolowa m'phiri la Michesi, imfa yake osaiona. Wotsogolera filimuyi, Peter Jackson, anadula gawo limenelo, ndipo Christopher Lee, yemwe anasewera ngati Saruman, zinamuwawa. Basi ndatenga yaitali. Tiionera masiku awiri, theka lero, theka mawa tikaweruka kumunda wa nandolo. Ana akuti bola ikhale yomasuliridwa m'Chichewa.