Musanandiitane kudzamanga nyumba ya zipika

Ndine kalipentala. Shedi yanga ili pa Mpingu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, ndipo chimene chimandidyetsa ndi zitseko, mafelemu, mabedi ndi kukhoma madenga. Zaka zaposachedwapa kwayamba kubwera makasitomala a mtundu wina: anthu a m'tauni amene agula malo cha ku Chitedze, ku Msundwe kapena kumtunda kwa Malingunde, ndipo akufuna kanyumba kopumirako kumunda kapena malo ogona alendo. Amaimika galimoto, n'kutulutsa foni, n'kundionetsa nyumba ya zipika zogonekedwa chimodzi pamwamba pa chinzake, zolumana m'makona. Funso lake limakhala lomwelo: "Amisiri, imeneyi singatchipeko kusiyana ndi ya njerwa? Si mitengo basi?"

Ndimamvetsa kumene maganizowa amachokera. Tonse tinakulira pafupi ndi nyumba ya mitengo imene sinadye ndalama ngakhale tambala. Agogo ankalowa m'thengo ndi nkhwangwa, n'kubwera ndi nsichi za muwanga, mapaso ndi luzi la mombo. Amayi ankakanya dothi n'kuphoma, n'kuzira pansi, ndipo udzu wofolera unkamwetedwa kudambo. Koma onetsetsani nyumba imeneyo. Mitengo yake inali yopyapyala, yoimikidwa choimirira, ndipo ntchito yake inali kugwira dothi. Khoma lenileni linali dothi. Nyumba ya pa foniyo ndi ina: khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga, ndi thupi la mtengo lokhalokha.

Ndiye ndimatenga pensulo kuti tiwerengere limodzi. Titenge kanyumba ka mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, khoma lotalika mamita 2.4. Chipika chilichonse chikamakweza khoma ndi masentimita 16, pafunika mizere 15. Makoma ndi anayi, ndiye kuti zipika 60, tisanagawe zipinda, tisanatseke nsonga za m'mbali mwa denga, tisanakhudze denga lenilenilo ndi khonde. Zonse zikalowa timayandikira zipika 100. Ndipo si chipika chilichonse ayi: chikhale chowongoka ngati pholo la magetsi, chosasiyana kwambiri kutsinde ndi kunsonga, chopitirira m'litali mwa khoma kuti chilumane ndi chinzake pakona. Mitengo yomweyo itapita ku macheka ingatulutse matabwa ofolera nyumba zingapo za njerwa. Apa nkhope ya bwana imayamba kusintha.

Kodi mitengo 100 yowongoka ili kuti kuno? Ena amaloza kumwera n'kunena kuti Dzalanyama si patali. Ineyo mtengo wa mu Dzalanyama sindiugwira. Nkhalango imeneyo ndi yotetezedwa, ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu, ndipo inadyedwa ndi makala mpaka boma linachita kutumizako asilikali mu 2015. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, silisewera ndi munthu wopezeka ndi mitengo yopanda chilolezo. Komanso, kunena mwa ntchito, mitengo yachilengedwe ya kumeneko ndi yokhotakhota, imagawika nthambi isanatalike. Mungapezemo nsichi, osati khoma.

Mtengo umene ukanatha ntchitoyi popanda mankhwala ndi mkungudza wa ku Mulanje. Tinyumba ta alendo ta pamwamba pa phirilo tinamangidwa ndi mkungudza chifukwa chiswe sichiufuna ndipo sufulumira kuwola. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma pofika 2017 ofufuza anapeza kuti mitengo yake ikuluikulu yotsala m'phirimo sinkakwana ngakhale 10. Aliyense wokuuzani kuti akupezerani zipika za mkungudza lero, dziwani kuti akukulowetsani m'mlandu.

Kwatsala paini ndi bulugamu. Nyumba za zipika zimene ndikuzidziwa m'Malawi muno, monga za ku Chelinda pa Nyika, ndi za paini, ndipo zinamangidwa pamene paini anamera pakhomo, kumalo ozizira. Ifeyo paini wathu wambiri amachokera ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya imene inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Moto ndi kudula mothamanga zinaichepetsa kwambiri, ndipo mitengo yokhwima imene yatsala imalimbiranidwa ndi mafakitale monga Raiply ndi ocheka matabwa. Kuchokera kumeneko kufika pa Mpingu ndi makilomita oposa 250. Wogulitsa matabwa ku Mchesi amanyamula thabwa lochekacheka, lopepuka, losanjika bwino m'lole. Inu mukunyamula chipika chathunthu chodzaza madzi, ndiye mukulipira dizilo wonyamulira madzi ndi mipata ya pakati pa zipika. Onjezanipo ziphaso za nthambi ya za nkhalango zoti muonetse pa marodibuloko, ndi anyamata okweza ndi kutsitsa. Nthawi zina mayendedwe okha amafanana ndi zimene mwalipira pa mitengoyo.

Bulugamu ali pafupi, m'minda ya anthu ndi m'maesiteti a fodya a cha ku Namitete ndi Nsaru. Koma kuno bulugamu sapatsidwa nthawi yokula. Akangofika msinkhu wa mkono, mlimi wamudula kuti amangire chigafa, kapena wapita ku balani ngati nkhuni. Wamkulu wowongoka amene wapulumuka, mwini wake amadziwa kuti ogula mapholo akumufuna, ndiye sakupatsani motchipa. Ndipo bulugamu ndi mtengo wamakani. Ukamudula lero n'kumusiya padzuwa, pakangopita masiku ochepa wang'ambika kumapeto, kenako ayamba kupotoka. Msomali wa mainchesi 6 umapindika pa bulugamu wouma ngati sunayambe waboola.

Pamene ndimalimbana kwambiri ndi makasitomala ndi pa nkhani youmitsa. Munthu akagula zipika amafuna kuona khoma mwezi womwewo. Koma chipika chiyenera kusendedwa makungwa chikadali chachiwisi, apo ayi tizilombo tofumbwitsa timaikira mazira pansi pa khungwa. Kenako chisanjidwe pamthunzi, pamwamba pa miyala, ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, kumapeto kwake kutapakidwa penti kuti kusang'ambike. Chipika chonenepa sichiuma pa chilimwe chimodzi. Mukamanga ndi chachiwisi, khoma la mamita 2.4 limatha kutsika ndi masentimita 10 kapena kuposa pamene likuuma. Felemu ya chitseko siitsika nawo. Ndiye khoma limakhalira felemuyo, chitseko chimakana kutseguka, galasi la windo limasweka lokha usiku. N'chifukwa chake pamwamba pa felemu iliyonse timasiya mpata, ndipo felemuyo sitiikhomerera ku zipika: timasema ngalande m'mapeto mwa zipikazo kuti khoma lizitsetsereka potsika. Amalume amene anandiphunzitsa kugwira sowo ankati, "Mphwanga, mtengo sufa tsiku limene waudula." Ndalama zanu zimagona pamulu wa zipikazo chaka chathunthu, ndipo mlonda wozilondera naye adye.

Kusema makona ndiyo ntchito imene ndimaikonda, ndipo ndi imene imadya masiku. Chipika chimakwezedwa pamwamba pa chinzake, n'kulemba ndi pensulo motsatira msana wa chapansicho, mabampu ake onse. Kenako timachitsitsa, kuchitembenuza, kudula ndi sowo, kukumba ndi tchizulo ndi kasemasema. Kukweza, kuyesa, kutsitsanso. Chosemedwacho chiyang'ane pansi kuti chisasunge madzi a mvula. Chikakhala bwino chimamveka ndi khutu, chimagwa ndi phokoso lodzaza, ndipo mpeni sulowa pakati. Pa kanyumba kathu kaja malumikizano oterewa ndi 60 m'makona mokha, ndipo chipika cha mamita 8 sichinyamulidwa ndi anthu awiri. Womanga njerwa amakhala atafika pa lintala ife tili pa mzere wachisanu.

Tsono chiswe. Ku Finland, ku Norway ndi ku Canada, kumene zithunzi zambiri za pa fonizi zimachokera, nkhalango za paini zili paliponse ndipo kuzizira sikupatsa chiswe mpata waukulu. Kuno kuchigwa cha Lilongwe, tayang'anani zulu zimene zili m'minda. Paini wosathiridwa mankhwala chiswe chimamudya mkati n'kusiya chikopa chakunja chikuoneka chabwinobwino. Choncho simenti imene mumaithawa ija mumaigulabe: maziko a miyala kapena mabuloko okwera mpaka m'bondo, silabu yothiridwa mankhwala pansi pake, pepala lotchinga chinyontho, kenako chipika choyamba. Denga lituluke kwambiri mbali zonse kuti mvula ya mu Januwale isamenye khoma, ndiye kuti malata ochuluka kuposa a nyumba ya njerwa yofanana nayo. Oyilo wakuda wa m'galimoto amene timapaka nsichi za makola salowa mkati mwa mtengo, ndipo simungagone m'chipinda chonunkha oyilo. Solignum wopaka ndi bulashi amathandiza, koma ndi wobwereza. Zipika zolowetsedwa mankhwala ndi makina ndizo zodalirika, ndipo mtengo wake ndi wina.

Nambala yeniyeni sindiitchula pano chifukwa singakhalitse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo misomali, mabawuti, malata ndi mankhwala zimatsata dola. Kotesheni yanga ndimailemba m'zinthu: zipika zakuti, matumba a simenti akuti, malata akuti. Mitengo yake mukafunse nokha ku Malangalanga tsiku logula. Chimene ndinganene mosakayika n'chakuti nyumba ya zipika yomangidwa moyenera pa Mpingu imadula kuposa ya mabuloko a simenti ya kukula komweko, ndipo imene yatchipa ndiye kuti china chake chadumphidwa.

Amene akumanga malo a bizinesi amandikumbutsa za malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, poganiza kuti zipika ndiyo njira yopulumutsira chilengedwe. Kudula mitengo 100 yokhwima chifukwa cha kanyumba kamodzi si kupulumutsa nkhalango, pokhapokha ngati munaidzala nokha ndipo mudzalanso.

Amene mtima wawo wakanirira pa maonekedwewo ndimawapatsa njira ina. Timamanga khoma la mabuloko, kapena felemu ya matabwa a 4 by 2 pamwamba pa maziko okwera, n'kukuta kunja ndi maofukati, matabwa a m'mbali mwa chipika amene ocheka amagulitsa motchipa. Tikawasenda, kuwawongola m'mbali ndi puleni, kuwapaka mankhwala mbali zonse ziwiri n'kuwakhoma mogonekera, wodutsa pamsewu amaona nyumba ya zipika. Nsanamira za khonde timaika za bulugamu wathunthu, zitakhala pa zitsulo kuti zisakhudze pansi. Thabwa limodzi likadyedwa mumazula lomwelo n'kukhomapo lina, pamene chipika cha pansi pa khoma chikawola muyenera kunyamula nyumba yonse ndi majeki. Mukasankha njira imeneyi, bwerani mu Meyi mvula itatha kuti matabwa aume ndi mphepo ya mu Juni ndi Julayi, tikhome mu Seputembala, denga likhale litatha mvula yoyamba isanagwe.