Za Wailesi Yathu ya ku Kawale

Abale, m'nyumba mwathu kuno ku Kawale mwauka nkhani yofuna nzeru. Tiri nayo wailesi yakale, yoyimba nyimbo zoikidwa pa memore kadi, kanthu kakang'ono ngati cikhadabo. Tsono mwana wathu wa ku Johannesburg watumiza mau kuti tiileke, atigulire makina atsopano otunga nyimbo pa intaneti. Pakuti kuyambira caka ca 2021 Spotify ipezeka m'Malawi muno, ndipo nyimbo zace nzosawerengeka.

Poyamba tinakondwa ndithu. Koma titakhala pansi madzulo, tinazindikira kuti nyimbozo sizikhala zathu. Munthu azitunga monga atunga madzi pa kiyosiki: tsiku losowa ndalama ya bandulo, ndowa ibwera yopanda kanthu. Ndipo masiku otero sasowa pakhomo pathu, makamaka ana akatsegulira sukulu.

Koma cacikuru ndi ici. Makina amene mwanayo awanena alibe poika kadi. Pa kadi yathu pali nyimbo zinai za amai a Cigwirizano a kumudzi kwathu, zojambulidwa ndi foni pansi pa mkuyu. Mbuzi imvekanso momwemo. Pamwamba pa onse pamveka mau a amai athu otibala, amene anatisiya. Nyimbo zimenezo sizipezeka pa intaneti, ngakhale munthu alipire motani.

Cifukwa cace tamyankha kuti atumize ndalama pang'ono cabe, tikonzetse sipika imodzi imene yayamba kulira ngati cule, tigulenso kadi yaciwiri yosungirapo mau a amaiwo, kuti ingatayike yoyambayo. Kufikira lero sanayankhe.