AI ndi mtengo wa usipa wadzulo

Abale anga, ine ndakulira pagombe la Senga Bay, bambo anga ndi asodzi. Kwathu mtengo wa ndowa ya usipa m'mawa si wamadzulo. ChatGPT nayo ukaifunsa isanalumikizidwe, imangokuuza zakale basi. Pano anthu akuilumikiza ndi blockchain, kaundula wapoyera uja Bitcoin inayamba naye mu 2009, yemwe tsamba latsopano limalowamo pafupifupi mphindi 10 zilizonse. Ndiye achimwene ku Joni akati "ndatumiza", AI itha kusuzumira pompo ngati zafikadi. Komatu kaundulayo amangoonetsa kuti ndalama yayenda, sanena kuti wolandirayo ndi wakuba. Mawu achinsinsi a wallet musapatse aliyense, ngakhale AI yomweyo. Tumizirani anzanu.