Ofuna voti sacezela wokhulupilika

Ku America kuli ma state 50, koma pa masankho a pulezidenti a mu 2024, kampeni yeniyeni inacitikila mu ma state 7 cabe: Pennsylvania, Michigan, Wisconsin, Georgia, North Carolina, Arizona na Nevada. Kamala Harris na Donald Trump anali kungozungulila kumeneko monga minibasi ya luti imodzi. Ku California, kumene kuli anthu pafupi-fupi 39 miliyoni, anali kupitako maka-maka kukapempha ndalama za kampeni.

Cimacititsa ni malamulo awo. Kumeneko sawina na mavoti a dziko lonse pamodzi. State iliyonse ili na mavoti ake apadela, onse pamodzi ni 538, ndipo wofika pa 270 ndiye pulezidenti. Kucotsako Maine na Nebraska, amene watsogola mu state, olo na voti imodzi, amatenga mavoti apadela onse a state imeneyo. California imadziwika kale kuti ni ya ma Democrat, Alabama ni ya ma Republican. Nanga wandale angatayilenji nthawi kwa anthu amene anawina kale, kapena amene sangawine? Ma state 7 aja anali na mavoti 93, ndipo Trump anatenga onse n'kufika pa 312.

Ine nkhani imeneyi nimaikonda cifukwa imaonetsa poyela mmene andale amapimila anthu. Mu 2016, Hillary Clinton anaposa Trump na mavoti pafupi-fupi 3 miliyoni m'dziko lonse, koma analuza. Wisconsin, Michigan na Pennsylvania zinali kuvotela ma Democrat kwa zaka zoposa 20, ndipo cipani cinali kuziona monga katundu wa m'nyumba. Ku Wisconsin, Clinton sanapondeko pa kampeni yonse yolimbana na Trump. Ma state atatuwo anapita kwa Trump na kusiyana kwa mavoti osafika 80,000 onse pamodzi. Kucokela apo, palibe cipani cimene cimagona pa nkhani ya Wisconsin.

Mukayang'ana malonjezo a mu 2024, mudzaona kuti anasokedwa molingana na thupi la ma state amenewa. Ku Las Vegas, mu Nevada, anthu ambili amasewenza m'mahotela na m'malesitilanti, ndipo amadalila ma tip. Mu June, Trump analonjeza kumeneko kuti ma tip sadzalipilidwa msonkho. Mu August, Harris analonjeza cimodzi-modzi mu mzinda umodzi-modziwo. Ku Pennsylvania, nchito zambili zimadalila kukumba gasi mwa njila yochedwa fracking. Mu 2019 Harris anakamba kuti afuna kuiletsa, koma pofika 2024 anati sadzailetsa. Mavoti apadela 19 a Pennsylvania anali olemela kuposa mau akale.

Nkhani imene imanigwila mtima kwambili ni ya Dearborn, mzinda wa ku Michigan kumene anthu oposa hafu ni a mtundu wa Aluya. Mu 2020, Joe Biden anatenga mavoti pafupi-fupi 7 pa 10 alionse kumeneko. Nkhondo ya ku Gaza itayamba, anthu anakwiya na boma la Biden. Pa masankho a mkati mwa cipani mu February 2024, anthu oposa 100,000 mu Michigan anasankha kusavotela munthu aliyense, monga cenjezo. Mu August, anapempha kuti Mpalestina mmodzi akambeko pa msonkhano waukulu wa cipani ku Chicago, koma anakanidwa. Kutatsala masiku ocepa, Trump anafika mu Dearborn kukapempha mavoti, ndipo anawina mzindawo na 42 pesenti, Harris 36, Jill Stein 18.

Tikamakambilana izi na anzanga, ena amati anthu a ku Dearborn anacita bwino, cipani cinaphunzila ulemu. Ena amakumbutsa kuti mu February 2025 Trump anakamba kuti America itenge Gaza ndipo Apalestina asamutsidwe. Onse akamba zoona. Kusuntha voti kumapangitsa andale kugogoda pa citseko cako, koma sikutanthauza kuti wogogodayo ni bwenzi. Ogwila nchito a ku Las Vegas anapezako kanthu: lamulo la mu July 2025 linacotsa msonkho wina pa ma tip mpaka 2028. Iwo anapempha cinthu cimodzi coonekela, ndipo zipani zonse ziwili zinavomela poyela masankho asanafike. Dearborn inalanga cipani cimodzi popanda kugwila ciliconse m'manja kucokela ku cinzake.

Kuno kwathu malamulo ni osiyana. Kucokela mu 2016, wowina afunika kupitilila 50 pesenti ya mavoti a dziko lonse, conco voti ya ku Chipata imalemela cimodzi-modzi na ya ku Monze. Koma kapimidwe ka andale n'kamodzi. Lusaka na Copperbelt zinali na Edgar Lungu mu 2016, zinapita kwa Hakainde Hichilema mu 2021, ndipo mbali yaikulu ya anthu amene anaima pa mizele tsiku limenelo tinali ise acinyamata a m'tauni. Ndiye cifukwa cake masankho akayandikila, nyimbo, vitenge na malonjezo zimasefukila m'makomboni mwathu.

Conco ine sinifuna kuti cipani ciliconse cinilembe m'buku lake kuti uyu ni wathu kale. Koma sinifunanso kusuntha cifukwa ca mkwiyo cabe. Akabwela mu komboni, tiwauze cinthu cimodzi cimene tingawelenge pambuyo pa zaka zisanu, kaya ni madzi, malaiti kapena malo a pa maketi, ndipo ayankhe pa maikolofoni tonse tikumva.